Makiyi Ali M'mbale

Chizuru waimbanso foni kuchokera ku Osaka.
Akuti bambo, zaka makumi asanu ndi atatu si masewera,
kabwezeni chiphaso ku polisi,
akakupatsani khadi lokwerera basi motchipa.
Basi yake iti, mwanawe?
Ya Lachiwiri ndi Lachisanu ija,
imene ikaona chipale chofewa pamlatho
imabwerera pa sitolo ya a Kuwabara?

Iye galimoto amaitcha ngongole ya matayala anayi.
Kwawoko sitima siichedwa kubwera,
ndipo poimika galimoto amalipira ngati chipinda chogona munthu.
Sakunama, akunena za ku Osaka.
Kuno ku Shimane, m'chigwa muno,
chipatala chili kuseri kwa mapiri awiri.

Kalole kangaka n'koyera, kopanda ulemerero,
kamakwana pakanjira ka pakati pa minda ya mpunga
ngati kanabadwira pomwepo.
Kananyamula mbande, feteleza, parafini wa m'nyengo yozizira.
Kananyamula Mitsue usiku uja anagwa m'bafa,
mutu wake ukugunda paphewa langa pa kona iliyonse.
Mpando wakewo sindinausunthe.
Udakali patsogolo, pa muyeso wa miyendo yake.

Kosambira madzi otentha, aliyense ndi woweruza.
A Nagamine, madzi ali m'khosi,
akuti mwamuna wopanda chiwongolero ndi duwa la mumphika,
amangodikira wina amuike padzuwa.
A Fukuhara akuti ayi, iwo anasiya chaka chatha
ndipo tulo tinabwerera,
kungoti tofu amagula mpongozi tsopano,
ndipo amagula wolakwika.
Wina akudana ndi magalimoto a magetsi,
akuti amayenda ngati mphaka, umadzidzimuka ali kale pamsana.
Wina, sopo ali m'makutu, akukuwa
kuti wosadziwa giya ya pamanja sayendetsa, amangonyamulidwa.

Mdzukulu wanga Itsuki chiphaso sachifuna n'komwe.
Akuti agogo, galimoto timabwereka pa foni,
ola limodzi, n'kuisiya.
Ine pa msinkhu wake ndinkatsuka ya abwana ulele Lamlungu
kuti ndingogwirako chiwongolero poibweza m'galaja.

Zimene sindinauze munthu ndi izi.
Lachitatu lapitali, pa sitolo paja,
phazi langa linafuna buleki, linaponda moto.
Kalole kanalumpha.
Kanagwetsa mabokosi a mabotolo opanda kanthu, basi.
Koma pamalo pomwepo m'mawa uliwonse
pamaima ana a sukulu a zipewa zachikasu,
atatu,
okhawo otsala m'chigwa chonse.
A Kuwabara anatola mabotolowo osandiyang'ana,
n'kundifunsa ngati ndikufuna mazira.
Ndikanakonda akanangonditukwana.

Makaniko Tetsuji akuti injini idakali mwana.
Akuti magalimoto otere amawakweza chombo ku doko
kupita kumaiko kumene chipale sichigwa,
n'kukayamba moyo wina
dzimbiri la misewu yathu lidakali kunsi.
Ndinamufunsa ngati angauze wogulayo
kuti giya yachiwiri imafuna kuinyengerera,
makamaka m'mawa.
Anaseka, kenaka anaona kuti ine sindikuseka.

Usiku uno makiyi ali m'mbale ya pakhomo
pamene akhala zaka zonsezi.
Chizuru akubwera Loweruka,
wanena kuti abwereka galimoto pa siteshoni.
Iyenso, wa ngongole ya matayala anayi uja.

Mawa ndipita kumanda kwa Mitsue,
pang'onopang'ono, msewu wa m'mbali mwa mtsinje,
ana atalowa kale m'kalasi.
Ndikamuuza za mabotolo aja. Akandikalipira, ndikudziwa.
Pobwerera ndidzathira mafuta mpaka kukamwa kwa thanki
ngakhale mtunda wotsala ndi wochepa.
M'nyumba muno sitinatsanzikepo mlendo ali ndi njala.